Msambo ukamasinthasintha: zoti mungadikire ndi zoti musagone nazo kunyumba

Funso loyamba limene ife anamwino ndi azamba timafunsa mayi wobwera ndi nkhani ya msambo ndi lakuti, "Mayi, munayamba liti kusamba komaliza?" Mayankho ake amakhala akuti "chakumayambiriro kwa mwezi wathawu", "anthu atangolandira malipiro", kapena "nthawi ija tinkathira feteleza wachiwiri". Timayesetsa kuwerengera kuchokera pomwepo, koma yankho lalikulu la vuto la mayiyo limakhala lili m'tsiku laiwalikalo. Ndipo ambiri mwa amene amabwera akudandaula kuti msambo wawo wasokonekera, tikakhala nawo pansi ndi kalendala timapeza kuti msambowo ulibe vuto, chalakwika ndi kawerengedwe.

Tsiku loyamba ndi tsiku limene magazi ofiira ayamba kutuluka. Si tsiku limene mwamaliza kusamba, komanso si timadontho takuda tija timene timaonekera ena dzulo lake. Kuchokera tsiku limenelo mumawerenga mpaka kufika tsiku loti mawa lake muyambanso. Mukayamba pa 3 Meyi n'kudzayambanso pa 1 Juni, ndiye kuti mpata wanu ndi wa masiku 29. Masiku 28 amene tinaphunzira kusukulu aja ndi chitsanzo chabe. Kwa munthu wamkulu, mpata wa masiku 21 mpaka 35 ndi wabwinobwino, ndipo kusamba kwenikweniko kumatenga masiku 2 mpaka 7. Mwezi uno mukakhala masiku 27, wamawa 31, palibe chodetsa nkhawa. Ife timayamba kutchera khutu pamene mpata waufupi kwambiri ndi wautali kwambiri zikusiyana ndi masiku oposa 9, pamene mpata ukuchepera masiku 21 kapena kupitirira 35 mobwerezabwereza, kapena pamene kusamba kukudutsa masiku 8.

Thupi silidziwa kalendala ya pakhoma. Mayi wa mpata wa masiku 24 akayamba pa 2 Julayi adzayambanso pa 26 Julayi, ndiye amabwera akuti "ndikusamba kawiri pamwezi". Wa mpata wa masiku 33 akayamba pa 30 Januwale adzayambanso kumayambiriro kwa Malichi, Febuluwale yense osayambanso kusamba, n'kumati wadumpha mwezi. Onsewa ali bwino.

Chimene chimasuntha masiku ndi dzira, osati chiberekero. Ubongo ndi umene umatumiza mahomoni ku matumba a mazira kuti dzira limodzi likhwime. Pamene likukhwima, homoni ya estrogen imakhuthalitsa khungu la m'kati mwa chiberekero. Dzira likatuluka, homoni ina, progesterone, imagwira khungulo kuti lisayoyoke kwa masiku 12 mpaka 14. Ngati mimba sinakhale, progesterone imatsika, khungulo limayoyoka, ndiwo msambo. Masiku a pambuyo pa kutuluka kwa dzira sasinthasintha kwenikweni. Amene amatalika kapena kufupika ndi a dzira lisanatuluke. Ndiye msambo ukachedwa ndi sabata, nthawi zambiri ndi dzira limene linachedwa ndi sabata, mwina chifukwa cha malungo amene munadwala, maliro, mayeso, kapena kusagona. Ndipo mwezi umene dzira silinatuluke n'komwe, progesterone sipangidwa, khungu lija limangokhuthalabe popanda choligwira, kenako limadzayoyoka palokha nthawi iliyonse. N'chifukwa chake munthu amatha kukhala miyezi iwiri osasamba, n'kudzataya magazi ambiri kwa milungu iwiri. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene ikufotokoza za atsikana ongotha msinkhu, za amayi oyandikira kusiya kusamba, ndi za PCOS, vuto la mahomoni limene limalepheretsa mazira kutuluka bwino. Ikutanthauzanso kuti kulera kowerenga masiku sikungakuthandizeni ngati msambo wanu ndi wosinthasintha. Ngakhale mkanda wolerera uja unapangidwira amayi a mpata wa masiku 26 mpaka 32 okha.

Muzilemba. Kaya pakalendala, kaya m'foni, kaya kumapeto kwa buku lanu la kuchipatala. Lembani tsiku loyamba, tsiku lomaliza, mapadi kapena nsalu zimene mwasintha patsiku lochuluka magazi, ngati panali magazi oundana, ngati cham'mimba chinakulepheretsani ntchito, ndi tsiku lililonse limene mwaona magazi kunja kwa nthawi yake, makamaka mukatha kukhala malo amodzi ndi abambo. Miyezi 3 yolembedwa bwino imatiuza zambiri kuposa sikani.

Msambo ukachedwa, yezani mimba choyamba

Kaya muli pa njira yolera, kaya mukuyamwitsa, kaya muli ndi zaka 46, kaya zinachitika kamodzi kokha, msambo ukachedwa chinthu choyamba kuchotsa m'njira ndi mimba. Kachida koyezera mkodzo kamapezeka m'mafamase ndi m'zipatala. Kamanena zoona kuyambira tsiku limene mumayembekezera kusamba, ndipo ngati masiku anu simuwadziwa, dikirani masiku 21 kuchokera tsiku limene munagonana mosadziteteza. Gwiritsani ntchito mkodzo woyamba wa m'mawa, ndipo muwerenge m'mphindi zimene zalembedwa papaketi. Kamzere kotuwa kodzaoneka patatha ola si yankho. Mizere iwiri, ngakhale wachiwiriwo utakhala wosaoneka bwino, ndi mimba. Mzere ukakhala umodzi koma msambo osabwerabe, bwerezani pakatha sabata.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa cha mimba yokhala m'chubu, kunja kwa chiberekero. Imayamba ngati nkhani wamba ya msambo: mwachedwa ndi sabata kapena milungu iwiri, kenako mukuona timagazi takuda pang'onopang'ono, ndiye mumati msambo wabwera koma wochepa. Pamwamba pake m'mimba mukupweteka mbali imodzi chakumunsi. Chubu chikaphulika, magazi amatayikira m'kati, kunja osaoneka. Mayi amachita chizungulire akaimirira, thukuta lozizira, mtima kuthamanga, nthawi zina phewa kupweteka, mpaka kukomoka. Imeneyi si yodikira kuche kapena kudikira kuti abambo abwere kuchokera kuntchito. Imafuna chipatala chokhala ndi fiyeta, kutanthauza cha boma cha m'boma lanu, cha mishoni chachikulu, kapena chipatala chachikulu ngati Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Mukafikira pachipatala chaching'ono, nenani pakhomo pomwe kuti munadumpha msambo ndipo mukumva chizungulire, musakhale pamzere mwaulemu.

Chimodzimodzi kupita padera. Msambo wochedwa umene wabwera ndi magazi ochuluka, zidutswa ndi kupweteka kwambiri ukhoza kukhala mimba imene yachoka. Zotsalira zikakhala m'chiberekero, magazi sasiya ndipo pamabwera kutentha thupi ndi fungo. Kuchipatala ntchito yathu ndi kutsuka ndi kupereka mankhwala. Mantha oti akakufunsani mafunso asakugonekeni kunyumba.

Kumudzi timamvanso zoti mimba inapita kumsana, ndiye mayi amakhala chaka osasamba akudikira kuti ibwerere kutsogolo. Mimba ilibe njira yopitira kumsana. Ngati zoyeza mkodzo ndi sikani sizikuionetsa, ndiye kuti pali chifukwa china chimene msambo waimira, ndipo chifukwacho n'chimene tiyenera kufufuza.

Njira zolera

Kuno kwathu, nkhani zambiri za msambo wosokonekera zimachokera ku jakisoni ndi timapulasitiki ta pamkono, ndipo vuto lalikulu ndi lakuti amayi ambiri sauzidwa mokwanira tsiku loyamba zimene adzaone. Jakisoni wa miyezi 3, kaya Depo kapena Sayana Press wodzibaya wekha uja, amaletsa dzira kutuluka ndipo amapyapyalitsa khungu la m'chiberekero. M'miyezi yoyambirira khungu lopyapyalalo limadontha magazi mosatsata nthawi, ena masiku ambiri ndithu. Pakutha pa chaka, pafupifupi theka la amayi a pajakisoni amakhala atasiyiratu kusamba. Apa ndi pamene pamabwera mantha akuti magazi akuunjikana m'mimba, adzasanduka chotupa. Palibe magazi amene akusungidwa. Msambo ndi khungu limene linakhuthala n'kuyoyoka. Ngati silinakhuthale, palibe choti chituluke.

Chimene n'choona pa jakisoni ndi chakuti amachedwa kuchoka m'thupi. Amayi ambiri amatenga mimba patadutsa miyezi pafupifupi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza, ena kupitirira chaka. Si kuuma, koma ngati mukufuna mwana chaka chamawa chomwechi, ndi bwino kusankha njira ina. Chaka chikatha kuchokera pa jakisoni womaliza msambo usanabwerere, bwerani tikuoneni.

Za pamkono, monga Jadelle wa zaka 5 ndi Implanon wa zaka 3, n'zovutirapo kulosera. Wina amasiya kusamba, wina amasamba mwa apo ndi apo, wina amadontha pafupifupi mwezi wonse. Kawirikawiri zimakhazikika pakatha miyezi 3 mpaka 6, koma si kwa onse. Kudontha kukakusowetsani mtendere, musangopirira kapena kuthamangira kuchotsa. Namwino akhoza kukupatsani ibuprofen wa masiku 5 kapena paketi imodzi ya mapiritsi olera a mahomoni awiri kuti magazi aime, ngati thupi lanu likuloleza. Zikakanika, kuchotsa ndi ufulu wanu, ndipo palibe woyenera kukukanizani. Chinanso chofunika kuuza namwino ndi mankhwala ena amene mukumwa. Rifampicin wa TB, efavirenz wa m'ma ARV akale, ndi mankhwala a khunyu monga phenobarbitone, phenytoin ndi carbamazepine amafooketsa za pamkono ndi mapiritsi, moti mayi akhoza kutenga mimba ali nazo. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene ambiri akumwa masiku ano, alibe vuto limeneli.

Lupu ya kopa ilibe mahomoni, choncho siimitsa msambo. Imachulukitsako magazi ndi cham'mimba, makamaka miyezi yoyambirira. Muli ndi lupu n'kudumpha msambo, yezani mimba mwachangu. Mapiritsi a tsiku ndi tsiku amadonthetsa magazi mukamaiwala kumwa kapena kusinthasintha nthawi. Mapiritsi a pangozi, omwa mutagonana mosadziteteza, nawo amasuntha msambo wotsatira, kuufulumizitsa kapena kuuchedwetsa, ndipo wowamwa kangapo pamwezi sangadziwenso masiku ake. Msambo ukachedwa ndi masiku oposa 7 mutamwa amenewa, yezani.

Chenjezo langa pa njira zolera ndi ili: musamangoti chilichonse "ndi jakisoni". Mayi amene wakhala chaka osasamba ali pajakisoni, kenako n'kuyamba kutaya magazi, kapena amene akuona magazi akatha kugonana, afunika kuonedwa khomo la chiberekero.

Kuyamwitsa kumaimitsa msambo, ena mpaka kupitirira chaka, ndipo si matenda. Koma kumateteza ku mimba pokhapokha zinthu zitatu zili pamodzi: mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo msambo sunabwerere. Dzira limatuluka msambo woyamba usanaoneke, n'chifukwa chake ena amadzazindikira mimba ya miyezi 4 asanasambepo chibadwire mwana.

Atsikana ndi amayi achikulire

Mtsikana akangotha msinkhu, zaka 2 kapena 3 zoyambirira msambo wake umakhala wosakhazikika chifukwa mazira satuluka mwezi uliwonse. Mpata wa masiku 21 mpaka 45 ndi wabwinobwino pamsinkhu umenewu. Makolo ndi anankungwi, mwana akadumpha mwezi musayambe ndi ndodo. Mufunseni mofatsa, ndipo ngati pali chikayiko, kuyeza n'kwa mphindi zochepa. Koma mupite naye kuchipatala akakhala masiku oposa 90 osasamba, akafika zaka 15 asanayambe, kapena akafika zaka 13 mabere asanayambe n'komwe kumera. Palinso atsikana amene mwezi uliwonse amamva cham'mimba koma magazi osatuluka, pamimba pakutupa pang'onopang'ono. Kumeneko kumakhala kutsekeka kwa njira kobadwa nako, ndipo opaleshoni yaing'ono imakonza. Mtsikana amene chiyambire amataya magazi ochuluka, komanso amatuluka kamfuno pafupipafupi kapena magazi m'nkhama, ayezedwe ngati magazi ake amaundana bwino.

Amayi ambiri amasiya kusamba ali pakati pa zaka 45 ndi 55. Zaka zingapo izi zisanachitike mpata umayamba kufupika, kenako kudumphadumpha, pamodzi ndi kutentha kwa thupi kobwera mwadzidzidzi ndi thukuta la usiku. Timati mayi wasiya kusamba akatha miyezi 12 yathunthu osaona magazi. Mimba ikhoza kukhalabe m'zaka zodumphadumphazi, choncho pitirizani kulera mpaka chaka chimodzi chitadutsa chisiyireni kusamba ngati mwapitirira zaka 50, kapena zaka 2 ngati simunafike 50. Kusiya kusamba musanakwane zaka 40 n'kofunika kuonedwa ndi dokotala, chifukwa mafupa ndi mtima zimafunabe mahomoniwo.

Mukakhala miyezi 3 osasamba koma mulibe mimba

Apa ndiye malire. Miyezi 3 osasamba, musali oyembekezera, musakuyamwitsa, musali pajakisoni kapena za pamkono, ndi nthawi yokaonana ndi dokotala ngakhale palibe pakupweteka.

Chimene timachipeza kawirikawiri mwa amayi achitsikana ndi PCOS, imene imagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi 10. Mazira amayamba kukhwima ambirimbiri koma osafika potuluka, ndipo mahomoni achimuna amakwererapo. Mayi amasamba mwina kanayi kapena kasanu pachaka, amamera tsitsi pachibwano, pachifuwa kapena pamimba, ziphuphu sizitha, ambiri amanenepa makamaka pamimba, ndipo khungu la kukhosi ndi m'khwapa limada n'kukhuthala moti ena amalikwecha poganiza kuti ndi litsiro. Kudako ndi chizindikiro chakuti thupi likuvutika kugwiritsa ntchito insulin, homoni yowongolera shuga m'magazi, ndipo ndi chifukwa chake amayi a PCOS ayenera kumayezetsa shuga ndi BP. Si onse onenepa, ena ndi ochepa thupi.

Sikani yokha siyokwanira kunena kuti muli ndi PCOS. Dokotala amafuna zizindikiro ziwiri mwa zitatu: msambo wosakhazikika, zizindikiro za mahomoni achimuna, ndi maonekedwe a matumba a mazira pasikani, atachotsa kaye matenda ena ofanana nawo. Ndikunena izi chifukwa amayi ambiri amatuluka m'chipinda cha sikani akulira kuti awapeza ndi zotupa. Timatumba timene timaoneka pa PCOS ndi mazira osakhwima, si zotupa zofuna opaleshoni. Chithandizo chimadalira chimene mukufuna. Ngati simukufuna mimba panopa, mapiritsi olera amakhazikitsa msambo ndi kuchepetsa ziphuphu. Amenewa saloledwa kwa wosuta fodya wa zaka 35 kupita m'tsogolo, wa BP yokwera, kapena wodwala mutu waching'alang'ala woyamba ndi kuona zinthu zothwanima. Ngati mukufuna mimba, pali mankhwala othandiza dzira kutuluka monga letrozole ndi clomiphene, omwe amamwedwa moyang'aniridwa ndi dokotala, ndipo ena amapatsidwanso metformin. Kwa onenepa, kutsika pang'ono chabe kumathandiza: mayi wa makilogalamu 80 akatsitsa 4 mpaka 8, nthawi zambiri msambo umayamba kubwera wokha. Chosayenera ndi kungokhala chaka osasamba n'kumati zachepetsa ndalama za mapadi. Pa PCOS khungu la m'chiberekero limakhala likukhuthalabe, mosiyana ndi pajakisoni, ndipo zikatenga zaka lingathe kusanduka khansa. Dokotala amaonetsetsa kuti mukusamba kamodzi pa miyezi 3 iliyonse, kapena amakupatsani njira yoteteza khungulo.

Zifukwa zina n'zosavuta kuzindikira munthu akafunsidwa bwino. Kuonda kwambiri, njala, TB, HIV yosamwera mankhwala, shuga yosalamulirika, masewera olimbitsa thupi opitirira muyezo ndi nkhawa yaikulu, zonsezi zimachititsa ubongo kuimitsa kaye mazira. Chithokomiro chikamagwira ntchito mochepa, mayi amatopa, amazizidwa, amanenepa, ndipo msambo umachuluka kapena kudumpha. Chikamagwira mopitirira, amaonda akudya bwino, mtima umathamanga, manja amanjenjemera. Mkaka wotuluka m'mabere musakuyamwitsa umaloza ku homoni ya prolactin, imene imakwera chifukwa cha mankhwala ena a matenda a maganizo monga chlorpromazine, haloperidol ndi risperidone, kapena chifukwa cha kachotupa kakang'ono m'mutu. Mankhwalawo musasiye nokha, kambiranani ndi amene anakulemberani. Pakakhala mutu wosatha ndi kusaona bwino m'mbali, fulumirani. Ndipo mayi amene msambo sunabwererenso atataya magazi ochuluka pobereka, makamaka ngati mkaka unakanika kutuluka, kapena atatsukidwa m'chiberekero, anene zimenezi momveka, chifukwa dokotala akazimva amadziwa kofufuza.

Magazi ochuluka

Amayi ambiri sadziwa kuti akutaya magazi ochuluka chifukwa anazolowera, ndipo mayi awo ankateronso. Muyezo wake ndi uwu: padi kapena nsalu ikudzadza pasanathe maola 2, mukuphatikiza ziwiri nthawi imodzi, mukudzuka usiku kukasintha, magazi akudutsa mpaka pachitenje kapena pamphasa, mukutuluka magazi oundana okula kuposa chitsekerero cha botolo la zakumwa, kapena mukusamba masiku oposa 8. Padi ikamadzadza ola lililonse kwa maola 2 kapena 3 otsatizana, pamodzi ndi chizungulire kapena kupuma movutikira, pitani tsiku lomwelo.

Mwa amayi a zaka za m'ma 30 ndi 40, chifukwa chofala ndi zotupa za m'chiberekero zotchedwa fibroids, zimene zimapezeka kwambiri mwa ife akazi achikuda. Si khansa. Zimachulukitsa magazi, zimalemetsa chinena, zimakodzetsa pafupipafupi, ndipo zikakula mimba imaoneka ngati ya woyembekezera. Zing'onozing'ono zosavutitsa timangozisiya, zimafota zokha mayi akasiya kusamba. Zovutitsa zili ndi mankhwala ochepetsa magazi, lupu ya mahomoni kumene ikupezeka, kapena opaleshoni, ndipo si opaleshoni iliyonse imene imachotsa chiberekero. Amene mukufunabe ana nenani msanga. Cham'mimba chimene chikukulirakulira chaka ndi chaka, chokugonekani pansi, chopweteka pogonana kapena pochita chimbudzi nthawi ya msambo, chikhoza kukhala endometriosis, matenda amene khungu longa la m'chiberekero limamera kunja kwa chiberekero, osati "ukazi umatero".

Chimene chimapweteka amayi mwakachetechete ndi kuchepa kwa magazi. Kutopa, mtima kugunda mukakwera kachitunda, m'maso ndi m'manja kuyera, kulakalaka kudya dothi. Pemphani kuyezedwa Hb, muyezo wa kuchuluka kwa magazi m'thupi. Kwa mayi amene sali woyembekezera, pansi pa 12 ndi kuchepa, pansi pa 8 ndi kuchepa koopsa. Mapiritsi owonjezera magazi amadetsa chimbudzi, zimenezo zisakuopseni. Musamwere tiyi, chifukwa tiyi amalepheretsa thupi kuyamwa ayironi, ndipo mupitirize kwa miyezi 3 magazi atabwerera, osati kusiya mukangomva bwino. Pochepetsa magazi a msambo dokotala angalembe tranexamic acid, galamu imodzi katatu patsiku kwa masiku osapitirira 4, kapena ibuprofen wa 400 mg katatu patsiku mutadya. Ibuprofen si wa munthu wa zilonda za m'mimba, wa vuto la impso kapena woyembekezera, ndipo tranexamic acid si wa amene magazi anaundanapo m'mitsempha. Aspirin mupeweni masiku amenewa, amawonjezera kutaya magazi.

Magazi obwera nthawi yosakhala yake

Kadontho kamodzi pakati pa mwezi, nthawi imene dzira likutuluka, kamachitika kwa ena ndipo kalibe vuto. Koma magazi obwerezabwereza pakati pa misambo, magazi otuluka mukatha kugonana, chikazi chamadzimadzi chonunkha chosamva mankhwala, ndi magazi alionse, ngakhale kadontho, mwa mayi amene anasiya kusamba, zimenezi sizifuna miyezi 3 yolemba. Zikufuna kuonedwa sabata yomweyo. Agogo akayambanso kuona magazi si kuti utsikana wabwerera.

Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo amayi ambiri amafika mochedwa chifukwa magaziwo ankawayesa msambo wosokonekera, kapena anapatsidwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana kangapo popanda wowayang'ana m'kati. Mukalandira mankhwala kawiri vuto osatha, nenani nokha kuti, "Adokotala, ndikupempha mundione khomo la chiberekero." Kuyeza kwa VIA, kopaka viniga kuja, kumatenga mphindi zochepa, zotsatira mumamva tsiku lomwelo, ndipo m'zipatala za boma n'kwaulere. Kumalimbikitsidwa kwa amayi a zaka 25 mpaka 49 ngakhale asakumva chilichonse, ndipo amene ali ndi HIV amayezedwa pafupipafupi kuposa ena. Pakapezeka malo oyamba kusintha, nthawi zambiri amawatentha ndi kachida tsiku lomwelo asanasanduke khansa. Kuyambira 2019 boma limaperekanso katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, kwa atsikana kuyambira a zaka 9.

Si magazi onse otere amene ali khansa. Chinzonono ndi chlamydia zimatupitsa khomo la chiberekero kuti lizituluka magazi likakhudzidwa, ndipo mankhwala ake ayenera kumwedwa ndi nonse awiri, apo ayi mudzangopatsirananso. Kwa amayi a m'mbali mwa nyanja monga ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, a ku nyanja ya Chilwa, a kuchigwa cha Shire ndi olima mpunga m'madambo, palinso likodzo. Ambiri amalidziwa ngati matenda okodza magazi a ana, koma mazira a tizilombo take amakhalanso m'njira ya amayi ndi pakhomo la chiberekero, n'kumayambitsa magazi pogonana, kuyabwa ndi kupweteka m'chinena. Ngati munakulira kosamba ndi kuchapa m'nyanja kapena m'dambo, muuzeni dokotala, chifukwa mankhwala ake ndi ena, praziquantel.

Popita kuchipatala

Tengani buku lanu la kuchipatala, masiku amene mwalemba, ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, a zitsamba omwe. Musadikire kuti magazi aime kaye poopa manyazi. Ife magazi ndi ntchito yathu, ndipo kuona kuchuluka kwake kumatithandiza. Musatsuke m'kati kapena kuikamo kanthu musanabwere, zimabisa zimene tikufuna kuona.

Adzakuyezani mimba ngakhale mutanena kuti n'zosatheka, musakhumudwe, aliyense timamuyeza. Kenako BP, sikelo, Hb, ndipo nthawi zambiri HIV. Kuyang'ana m'kati ndi kachitsulo kotsegulira njira kumasowetsa mtendere pang'ono koma sikuyenera kupweteka kwambiri, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuti m'chipindamo mukhale mayi mnzanu. Sikani ya pamimba imafuna chikhodzodzo chodzadza, choncho imwani madzi ndipo musakodze. Kuyeza mahomoni a chithokomiro ndi prolactin kumapezeka makamaka m'zipatala zazikulu ndi zolipira, ndiye mukhoza kutumizidwa. Kwa mayi wopitirira zaka 45 amene akutaya magazi mosadziwika bwino, dokotala angatenge kachidutswa ka khungu la m'chiberekero kukapima.

Mapiritsi oitanira msambo monga norethisterone musagule pakauntala musanayeze mimba. Amatulutsadi magazi mukawasiya, koma chimene chinaimitsa msambo chimakhala chikadalipo, ndipo ngati inali mimba ya m'chubu mwataya masiku ofunika. Zitsamba zoti zimatsegula msambo, zakumwa kapena zoika kumaliseche, zina zimawononga impso ndi chiwindi, zina zimasiya zilonda.

Musanatuluke m'chipinda cha dokotala, onetsetsani kuti zotsatira zonse zalembedwa m'buku lanu ndi manambala ake, makamaka Hb, zimene sikani yaona ndi kukula kwake, ndi tsiku la VIA. Funsani dzina la vuto limene akuliganizira ndi tsiku loti mudzabwerenso. Mankhwala ambiri okonza msambo amafuna miyezi 3 kuti aoneke ngati akugwira, ndipo ikatha popanda kusintha, bwererani ndi buku lomwelo mukapemphe kalata yokutumizani kwa dokotala wa matenda a amayi.